Matumba a Amondi a a Kenani

A Rowland Namaona anali asanauonepo munda wa amondi chibadwire, koma m'chaka cha 2015 panalibe Mmalawi wa ku Bradford amene ankaudziwa ulimi wa mbewuyi kuposa iwo. Amene ankanena zimenezi anali iwo omwe.

Kwawo ku Thyolo anali kapitawo pa esiteti ya makademiya, ndipo anthu makumi asanu ndi atatu ankawavulira chipewa. Atatsatira akazi awo, a Modester, amene anapeza ntchito ya unamwino pa chipatala cha boma ku Bradford, ukapitawo uja unatsala pa Chileka. Ntchito imene anaipeza inali ya m'khitchini ya a Abdul, Mpakisitani wophika maswiti a mkaka ndi zakudya za pa maukwati. A Rowland ankatsuka mapoto aakulu oti mwana n'kusambiramo, ndipo akamaliza ankakhala pa ndowa yovundikira n'kumasenda amondi.

Amondi ndi kamtedza kosongoka mbali imodzi, ka khungu lofiirira, kobala mumtengo. A Abdul ankakathira paliponse: m'maswiti, mumpunga, mumsuzi wa nkhuku. Posenda umayamba wakaviika m'madzi otentha, kenako n'kukafinya ndi chala chachikulu, iko n'kutumphuka koyera ngati dzino la mwana. A Rowland anali atafinya timano timeneti zaka zisanu ndi chimodzi.

Ukatswiri wawo unkachokera pa foni. A Modester anali ndi mchimwene wawo, Overton, amene ankayendetsa lole ku California, m'chigwa chimene chimalima amondi ambiri odyedwa padziko lapansi. Loweruka lililonse Overton ankaimba, ndipo akamaliza kupatsana moni ndi achemwali ake, a Rowland ankalanda foni.

“Alamu, kuno kwauma,” ankatero Overton. “Chaka chachinayi chino mvula ya nzeru sitinaione. Abwana anga akumba chitsime chachitatu, chakuya moti ukaponyamo mwala umatha kukamwa tiyi usanamve kugwa kwake. Oyandikana nafe azula munda wonse, mitengo yaikuluikulu, aigaya kukhala utuchi.”

“Ndiye ulimi watha?”

“Kutha? Tsidya lina la msewu wina akubzala yatsopano. Kuno mitengo ikuuma, mtengo ukukwera. Amene ali ndi madzi akulemera ngati wokhwima.”

Overton ankasimbanso za njuchi. Ankati mwezi wa Febuluwale maluwa akamasula, njuchi za m'chigwamo sizikwanira, ndiye alimi amabwereka njuchi za kutali. Iye mwini ankanyamula ming'oma mazanamazana pa lole, ulendo wa masiku awiri, kuti njuchizo zikagwire ganyu. Pokolola, ankati, pamabwera chimakina chimene chimagwira mtengo pakhosi n'kuugwedeza mpaka amondi onse atayoyoka.

Lamlungu a Rowland ankapita nazo nkhanizi kutchalitchi. Amalawi a ku Bradford ankapemphera m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya makapeti, ndipo mapemphero akatha ankamwa tiyi. Apa m'pamene a Rowland ankaima pafupi ndi ketulo, pamene munthu sangawazembe, n'kuyamba kuphunzitsa. Ankafotokoza kuti kamtedza kamodzi kamamwa madzi odzadza chigubu. Ankafotokoza kuti nthaka ya m'chigwamo ikutitimira chifukwa chopopa madzi a pansi. Pofika mwezi wachitatu anali atasiya kunena kuti “alamu anga akuti,” anali kungoti “ife a m'gawo la mtedza wa m'mitengo.” Anthu otopa ndi mashifiti osamalira nkhalamba ankangogwedeza mitu, makapu ali m'manja, kudikira kuti a Namaona asunthe athire madzi.

Tsiku lina anaganiza mozama. Kumene kuli amondi kulibe madzi, pamene ku Bradford madzi amagwa kuchokera kumwamba tsiku ndi tsiku popanda wowapempha. Anakwera basi, nakagula kamtengo ka amondi kotalika ngati ndodo, n'kukabzala kuseri kwa nyumba, pakati pa bini ndi chingwe choyanikapo zovala. Mu Malichi kanamasula maluwa khumi ndi anayi. Njuchi za ku Bradford zinali zisanadzuke, choncho a Rowland anatenga kabulashi kamene a Modester ankadzolera paudala, n'kumayenda nako duwa ndi duwa, atavala jekete ziwiri. A Modester anawapeza akuchita zimenezi akuchokera ku ntchito.

“Bambo a Ellen, kodi mwasanduka njuchi?”

“Ndi sayansi imeneyi, mayi.”

“Sayansiyo ikagule bulashi yake.”

Patapita masiku anayi kunawomba mphepo yochokera kumapiri, ya matalala, ndipo maluwa onse khumi ndi anayi anakapezeka pa bwalo la oyandikana nawo. Nkhani imeneyi kutchalitchi sinafike.

Chilala cha ku California chinafika m'khitchini ya a Abdul kudzera m'matumba. Mtengo wa amondi unawirikiza, ndipo a Abdul anayamba kuyenda akudzilankhulira. Anali munthu wamtima wapachala koma wosasunga mangawa, wosuta fodya pakhomo la kuseri. Sitolo inali ndi dzina lawo, koma mwini khitchini weniweni anali akazi awo, mayi Halima, amene ankalankhula kamodzi pa ola ndipo palibe ankawabwereza. Cha mu Ogasiti analandira oda ya ukwati wa anthu mazana asanu ndi limodzi, ndipo a Abdul atawerenga zakudya zimene eni ukwati ankafuna, anatuluka kukasuta ndudu ziwiri motsatizana.

Lamlungu la sabata yomweyo, a Rowland atatsiriza phunziro lawo la pa ketulo, anakokeredwa pambali ndi a Kenani. A Kenani ankakhala ku Leeds ndipo anali ndi vani yoyera. M'vani imeneyo munkapezeka ufa woyera, usipa wouma, nyemba, zitenje, mabulangete, ndi chilichonse chimene Mmalawi wa kunja amachilota. Palibe nyumba ya Mmalawi kuyambira ku Leeds mpaka ku Manchester imene sinkaidziwa hutala yawo. Analinso mkulu wa mpingo, woimba besi.

“Achimwene, mwalankhula ngati pa wailesi,” anatero a Kenani. “Ndiyetu ndili ndi munthu wanga ku Manchester. Ali ndi ufa wa amondi, wogaya kale, wochokera ku Spain. Mtengo wake ndi theka.”

“Ku Spain amalimadi,” anavomera a Rowland, ngati kuti dziko la Spain limadikira chilolezo chawo.

Lolemba m'mawa a Rowland anawapeza a Abdul pakhomo la kuseri n'kuwauza kuti asade nkhawa, iwo ali ndi anthu awo m'bizinesi imeneyi. A Abdul anawakumbatira, nawatcha m'bale wawo, ndipo tsiku lomwelo anawabweretsera mpando wa pulasitiki m'malo mwa ndowa ija.

Vani inafika Lachinayi m'mawa, ukwati uli Loweruka. A Kenani anatsitsa matumba asanu ndi limodzi oyera, opanda chizindikiro cha kampani, ongolembedwa ndi cholembera chakuda. Anamwa tiyi wa a Abdul, nayamikira maswiti, n'kunyamuka. A Rowland anakokera thumba limodzi pafupi ndi mpando wawo watsopano, nalidula pakamwa ndi mpeni.

Ufawo unali wooneka bwino, woyererako, wosalala. Koma fungo limene linatuluka m'thumbamo a Rowland sanalidziwire ku California kapena ku Spain. Analidziwira ku Thyolo, pa mtondo wa kuseri kwa nyumba iliyonse. Anatapa pang'ono, nafikisa pakati pa zala, ndipo zala zinatsala ndi mafuta. Analawa. Amondi analimo ndithu, koma pansi pake panali nsinjiro, mtedza wamba wa m'nthaka.

Anamanga thumba lija bwinobwino, napita kukatsuka mapoto amene anali atatsuka kale.

Akutsuka ankadzilimbitsa mtima. Mtedza ndi mtedza. Ndani anafapo ndi nsinjiro? Iwo anakula nazo, ndipo mano onse anali nawo. Komanso akalankhula, amene adzaoneke chitsiru ndani? Si munthu wa ku Manchester, amene palibe akumudziwa nkhope. Ndi iwo, a m'gawo la mtedza wa m'mitengo. Anayang'ana mpando wa pulasitiki uja. Anali ataukhalira masiku atatu okha.

Nthawi ya nkhomaliro anatuluka panja n'kuimbira a Modester, amene anali pa buleki kuchipatala. Anayamba ndi kufunsa ngati Ellen, mwana wawo, anatenga jekete popita kwa anzake. Kenako anaitchula nkhaniyo mopepuka, ngati yoseketsa.

A Modester sanaseke. “Mwati muli chiyani?”

“Nsinjiro pang'ono. Mwina theka.”

“Ndiye a Abdul akawauza anthu kuti ndi amondi?”

“Ndi zimene zalembedwa pathumba.”

“Bambo a Ellen, mvetserani. Kuno kuli anthu amene thupi lawo limadana ndi mtedza wa m'nthaka. Sindikunena zotuluka tiziphuphu ayi. Kachidutswa kochepa ngati njere ya therere, pakhosi pamatsekeka. Mwezi wathawu anabwera naye mtsikana wa msinkhu wa Ellen kuchokera ku phwando, milomo itatupa, akupuma ngati mluzu. Tinamupulumutsa chifukwa ambulansi inali pafupi. Ambiri a iwo amondi amadya bwinobwino, ndiye akafunsa n'kuuzidwa kuti ndi amondi, adya. Anthu mazana asanu ndi limodzi, mukuganiza kuti mulibe ngakhale mmodzi wotero?”

A Rowland anati mwina mulibe.

“Mukapanda kuwauza inu, ndiimba ine. Nambala ya mayi Halima ndili nayo.” Anadula foni.

A Rowland anaona kuti ndi ulemu kuyamba auza a Kenani. Anawaimbira foni, nawapeza ali pamsewu wopita ku Leeds.

“Nsinjiro?” anatero a Kenani. “Achimwene, mphuno yanuyo ili ndi satifiketi?”

“Ndalawanso.”

“Inetu ndangonyamula. Wonyamula maliro si amene wapha. Tangophikani, Loweruka lidutse, tidzakambirane ngati abale. Mukayamba kuitana azungu pa nkhani imeneyi, vani yanga aigwira. Ndiye Amalawi onse a kuno adya ufa wa ndani?”

Funso limeneli linali lolemera, ndipo a Rowland analowa nalo m'khitchini likuwalemerabe. Mayi Halima anali atayamba kale kuyeza shuga. Pakhoma pafupi nawo panali pepala la oda ya ukwati, ndipo m'munsi mwake munali mzere wolembedwa ndi inki yofiira, wonena kuti ana awiri a kuchimuna sadya mtedza wa m'nthaka. A Rowland anali atalidutsa pepalalo sabata yonse osaliwerenga, poti kuwerenga maoda sinali ntchito ya katswiri.

“Mayi,” anatero, “ufa uja tisaugwiritse ntchito.”

Anafotokoza. Mayi Halima anaitana amuna awo. A Abdul analowetsa mphuno m'thumba, koma mphuno ya munthu wosuta zaka makumi atatu inangomva thumba. Anati ufawo uli bwino. Anati m'bale wawo Rowland watopa. Anati Lolemba munthu yemweyu ankalumbira kuti ali ndi anthu ake, lero akuti anthu akewo ndi akuba, ndiye amvere Rowland uti? Mayi Halima analawa, nakwinya nkhope, koma anati sangatsimikize.

“Ndipatseni mapoto awiri aang'ono,” anatero a Rowland.

Anatenga sipinachi mufiriji, namuduladula, n'kumugawa pawiri. M'poto aliyense anathira madzi pang'ono, tomato ndi mchere. M'poto woyamba anathira amondi enieni amene anawasinja okha kuchokera m'kabotolo kotsala pa shelefu. M'poto wachiwiri anathira ufa wa a Kenani. Anatendera monga mmene ankaonera akazi a ku Thyolo akuchitira, ngakhale kwawoko sakanalola kuti munthu awaone atagwira mthiko. Poto woyamba anangokhala phee, msuzi wotuwa wopanda nkhani. Wachiwiri anakhuthala, nayamba kuphulika timathovu, mafuta akuyandama pamwamba, ndipo khitchini yonse inadzaza ndi fungo la mtedza moti ngakhale mphuno ya a Abdul inadzuka.

Mayi Halima analawa woyamba, nalawa wachiwiri, nabwerezanso wachiwiri.

“Chokomachi ndiye chabodza,” anatero.

A Abdul anakalipa kwa mphindi khumi m'zilankhulo zitatu. Anatukwana munthu wa ku Manchester, dziko la Spain, mvula ya ku California, ndi Rowland. Atatopa anakhala pa mpando wa pulasitiki uja n'kufunsa akazi awo chochita. Mayi Halima anati aimbire a khonsolo oona za zakudya, chifukwa matumba ngati amenewa sanapite kwa iwo okha. Pamene a Abdul ankaimba, ophika awiri anamaliza poto wachiwiri uja ndi chapati.

Lachisanu m'mawa kunabwera mayi wachizungu wa ku khonsolo, wovala magolovesi. Anatapa ufa m'timabotolo, namata matumba onse ndi tepi, n'kufunsa amene anazindikira. A Rowland anaimirira, nakonza kolala, n'kuyamba kufotokoza za chilala cha zaka zinayi, zitsime zakuya, ndi njuchi zokwera lole. Mayiyo anamvetsera mwaulemu mpaka pa njuchi, kenako anafunsa kuti, “Koma munadziwa bwanji?”

“Fungo.”

Analemba liwu limodzi lomwelo, natseka kabuku kake.

Ukwati sukanadikira. A Abdul anapita kwa wogulitsa wawo wakale n'kugula amondi athunthu pa mtengo umene anakana kuutchula. Onsewo ankafunika kuviika, kusenda ndi kugaya tsiku lomwelo. Mpando uja a Abdul anali atautengera mu ofesi, choncho a Rowland anabwerera pa ndowa. Anasenda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. A Modester, amene tsikulo anali pa ofu, anabwera kudzathandiza, nakhala pafupi ndi mayi Halima, awiriwo akusenda ndi kukambirana za amuna ngati kuti amunawo ali ku Thyolo ndi ku Pakisitani. Pofika madzulo zala za a Rowland zinali zitachita makwinya ngati za munthu wochapa tsiku lonse kudambo. Ukwati unadyedwa Loweruka, ndipo ana awiri a kuchimuna aja anadya maswiti mpaka kusanza, koma chifukwa cha kukhuta basi.

Patapita masabata atatu a khonsolo analemba kalata yonena kuti ufawo unali ndi mtedza wa m'nthaka woposa theka. Anapezanso matumba ena otero m'malo odyera angapo. A khonsolowo anawafunsa a Kenani mafunso kwa theka la tsiku n'kuwamasula, chifukwa pa foni yawo panali mauthenga a munthu wa ku Manchester uja akulumbira kuti ndi amondi okhaokha. Vani sanaigwire.

Koma nkhani imene inayenda pakati pa Amalawi inali ina. Inali yoti a Namaona anakaneneza Mmalawi mnzawo kwa azungu pofuna kukwezedwa pa ntchito. Ambiri mumpingomo mapepala awo anali asanalongosoke, ndipo munthu woitana a boma, kaya pa chifukwa chanji, ankamuyenda chapatali. Lamlungu a Rowland akaima pa ketulo, anthu ankapezeka kuti alibe ludzu. Vani yoyera inkadutsa mumsewu wawo osaliza hutala. Kwa miyezi inayi banja la a Namaona linadya ufa wa m'sitolo, wachikasu, wokhakhala ngati mchenga. Ellen yekha, amene ankayankha m'Chingerezi ngakhale umufunse m'Chichewa, ndi amene sanadandaule, poti iye ankakonda pasita.

A Abdul nawo anawakwezadi a Rowland. Anawapatsa udindo wolandira katundu, kutanthauza kuima pakhomo la kuseri mbandakucha, m'chisanu cha Disembala, kununkhiza thumba lililonse lotsika m'galimoto. Malipiro anakhala omwe aja.

Chaka chatsopano chitalowa, Overton anaimba n'kunena kuti mvula yagwako, mtengo wa amondi watsika mwadzidzidzi, ndipo alimi amene ankalira chilala tsopano akulira msika. A Rowland anamvetsera nkhani yonse, koma analibe woti akamuuze.

Lamlungu lomaliza la Januwale abusa anapereka mpata wa maumboni, ndipo a Kenani anaimirira. Anayamba ndi nyimbo, besi yawo ikunjenjemeretsa mawindo. Kenako anati akufuna kuthokoza chifukwa cha zimene zinachitika mu Ogasiti. Anati tsiku limene ankanyamula matumba aja ku Manchester, mzimu unawanong'oneza pa malo omwetsera mafuta kuti katunduyu ali ndi imfa mkati. Anati anapemphera ali pa chiwongolero kuti choipacho chionekere poyera, ndipo pemphero linayankhidwa kudzera mwa chotengera chofooka, m'bale wathu Namaona. Anati ana awiri ali moyo lero chifukwa vani yawo imayenda ndi pemphero.

Amayi analulutira. Abusa anapempha m'bale Namaona kuti aimirire atsimikize.

A Rowland anaimirira pang'onopang'ono. Anali ndi mawu ambiri, ndipo oyamba anali okhudza satifiketi ya mphuno. Asanatsegule pakamwa anamva zala za a Modester zitagwira kanyama ka kuseri kwa ntchafu yawo, n'kupotokola pang'ono.

“Miyezi inayi ya ufa wachikasu,” ananong'ona a Modester, maso ali kutsogolo.

“Amen,” anatero a Rowland.

A Kenani anadutsa pakati pa mipando n'kuwakumbatira kwa nthawi yaitali, mpingo ukuimba. Ali chikumbatirire anawauza pakhutu kuti Lachiwiri adutsa ku Bradford, ndipo usipa wa ulendo uno ndi wa ku Nkhata Bay weniweni.

Lachiwiri a Rowland anali ku ntchito, ndiye katundu analandira a Modester. Anasankha okha thumba la ufa, namasula la usipa n'kuuthira pa thebulo kuti auone wonse, a Kenani ataima pakhomo chipewa chili m'manja.